Lolani Njoroge Ayende pa Positi

Mwezi wa June caka catha, cimanga citalowa m'nkhokwe, ndinatenga buku limodzi ndi kope la cikuto colimba, ndinazikulunga m'pulasitiki wa m'kati mwa thumba la feteleza, ndi kupita nazo ku positi ofesi ku Katete. Ndinazitumiza kwa mnzanga wa ku Petauke amene tinkagona naye cipinda cimodzi pamene tinali kuphunzira pano. Pa tsamba loyamba la kopelo ndinalembapo maina 6 a anzathu akale ndi makeyala awo, pamodzi ndi pempho lakuti aliyense asunge bukulo masabata atatu, alembe m'kope zimene zamukhudza, kenaka atumize zonse ziwiri kwa wotsatira pa mndandanda.

Phukusilo linabwerera kwa ine mu April caka cino, litayenda miyezi 10. Linafika likununkha utsi, ngodya imodzi ya buku italawidwa ndi ciswe, koma m'kope munali masamba 23 olembedwa ndi manja 7. Dzanja loonjezerapolo linali la mkazi wa mmodzi wa anzathuwo, amene palibe anamupempha kuti alembe. Usiku umene ndinawerenga masambawo ndi pamene ndinatsimikiza mtima kulemba nkhani ino, kupempha kuti kayendedwe ka buku kotere kasakhale ka ine ndi anzanga ocepa okha, koma kakhale mwambo wa tonse amene tinapita pa sukulu ino ndi inu amene mukali kuphunzira. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mlimi ndi buku la nthano, ndiponso pa positi, masiku ano a foni? Ndiloleni ndiyambe ndi bukulo, za positi zibwera pambuyo.

Dzina lake ndi Weep Not, Child, ndipo analilemba ndi Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya, amene anamwalira mu May 2025. Analilemba ali mnyamata, akuphunzira pa Makerere ku Uganda, ndipo linasindikizidwa mu 1964, caka cimene dziko lathu linalandira ufulu. Nthawiyo mlembiyo ankachedwa James Ngugi. Si buku lalikulu. Masamba ake safika 200. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa mtundu wa Akikuyu, Njoroge, amene akukula m'zaka zimene Kenya inali m'nkhondo ya Mau Mau, pamene boma la atsamunda linakhwimitsa malamulo kuyambira mu 1952. Buku limayamba tsiku limene amai ake, Nyokabi, amuuza kuti adzapita ku sukulu. M'banja lonselo iye yekha ndiye wapatsidwa mwai umenewu, ndipo akuusenza monga munthu asenza mtsuko wodzala madzi, osayang'ana kumbali. Mumtima mwake watsimikiza kuti akadzaphunzira adzaombola banja lake, mwina ndi dziko lomwe.

Atate ake, Ngotho, alibe munda wawo. Akukhala pa malo a Jacobo, munthu wakuda wolemera amene Azungu anamulola kulima maluwa a pyrethrum, opangira mankhwala ophera tizilombo, pamene anzake onse a m'deralo sanaloledwe. Nchito akugwira pa famu ya Mzungu, Howlands, ndipo famuyo ndi nthaka yomweyo imene inali ya makolo ake asanailande. Cimene cinandigwira pakhosi powerenga koyamba ndi ici: Ngotho amasamala munda umenewo ndi mtima wonse, osati cifukwa ca malipiro, koma cifukwa amakhulupirira kuti tsiku lina udzabwerera kwa eni ake, ndipo safuna kuti udzabwerere utaguga. Howlands nayenso amaikonda nthakayo moona, kuposa mmene amakondera anthu a m'nyumba mwake. Amuna awiriwa amayendera limodzi mundawo, onse anataya mwana pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, onse amadziwa fungo la dothilo mvula ikagwa, koma mmodzi ali ndi pepala ndipo wina ali ndi cikumbukiro cokha. Munthu amene sanagwirepo khasu angawerenge ndime zimenezi ngati mbiri cabe. Mlimi amazimva m'manja.

Ndipo si mbiri ya kutali kwa ife a Kum'mawa. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, malo aakulu ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu 1913 anthu anadulidwira malo awo apadera, ndipo anapanikizana mmenemo mpaka nthaka inatopa, pamene mafamu a fodya a Azungu anali pa malo otakasuka. Boma linagula malo ambiri a kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kusamutsirako midzi. Ena mwa inu minda imene mulima lero inafika ku banja lanu mwa njira imeneyo, ngakhale agogo sanakuuzeni. Masiku ano palibe Howlands wokwera pa hachi, koma lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a pepala, a zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Lamulolo lingathandize mlimi wamng'ono kuteteza munda wake, ndipo lingathandizenso wandalama wocokera ku tauni kutenga dambo limene mudzi wonse umadyetsako ng'ombe. Mnzathu wa ku Chadiza analemba m'kope kuti atawerenga za Ngotho anakhala pansi ndi amalume ake kufunsa malire a munda wa banja, cinthu cimene anakhala akuopa kucichula kwa zaka zambiri. Sanalembe kuti nkhaniyo inatha bwanji, ndipo ine sindinamufunse.

Koma cifukwa cacikulu cimene ndinasankhira bukuli si nthaka ai. Ndi mnyamata wina amene owerenga ambiri amangomudutsa, Kamau, mbale wake wa Njoroge.

Tiyeni tinene zoona pakati pathu. Ambiri a ife tinalowa pa cipata ca sukulu ino tili ndi manyazi obisika. Wina anaimira pa giredi 7, wina pa giredi 9, wina anapambana bwino giredi 12 koma ndalama za koleji zinasowa. Kumudzi anatiuza mokoma mtima kuti pitani mukaphunzire ulimi, ndipo tinamva mau amene sananenedwe, akuti poti zina zakanika. Ine ndinafika pano ndi mtima umenewo, ndipo ndinacoka nawo, ngakhale ndinali nditadziwa kuumba nkhuti ya manyowa ndi kupatsa ng'ombe mankhwala a njoka zam'mimba. Luso linalowa m'manja, koma manyazi anatsala pamalo pake, cifukwa palibe phunziro pa ndandanda yathu limene limakhudza malo amenewo.

Kamau sanapite ku sukulu. Anamupereka kwa kalipentala wa m'mudzi, Nganga, kuti aphunzire nchito ya matabwa, ndipo amadandaula kuti mphunzitsi wakeyo amangomutuma kunyamula zinthu, osamupatsa zida kuti agwire. Ndani wa ife sanadandaulepo cimodzimodzi m'miyezi yoyamba, pamene tinkangotuta ndowe ndi kusesa makola? Pamene Njoroge akulota za mabuku ndi za tsogolo lowala, Kamau akupala matabwa. Ndiye mavuto afika. Ngotho alowa m'sitalaka, akangana ndi Jacobo pamaso pa anthu, nchito imuthera ndipo banja lithamangitsidwa pa malo. Amene awapatsa pomanga nyumba si munthu wophunzira, koma kalipentala uja. Ndipo ndalama zimene zikudyetsa banja ndi kuthandiza kuti Njoroge asasiye sukulu, mbali yaikulu zikucokera m'manja mwa Kamau.

Musandimve molakwa. Mlembiyo sakunyoza maphunziro, ndipo inenso sindikunyoza. Ana anga ali pa sukulu ndipo ndimagulitsa nshawa ndi soya kuti asasowe nsapato ndi makope. Njoroge atapambana mayeso opita ku sekondale ya Siriana, anthu a m'dera lonse asonkha ndalama, cifukwa amuona ngati mwana wa onse, ndipo ndime imeneyo ndi yokoma zedi. Cimene bukuli likuonetsa ndi cakuti maloto a wophunzira amaimirira pa msana wa wina amene sachulidwa, ndiponso kuti ciyembekezo cimene munthu waciika pa cinthu cimodzi cokha cimathyoka moopsa. Mmene cinathyokera kwa Njoroge sindinena pano. Amene anawerenga kale asunge pakamwa.

Anzathu anai mwa 6 aja analemba za Kamau, aliyense payekha. Woyamba analemba mizere itatu yokha. Waciwiri, ataona mizereyo, analemba masamba awiri, nafotokoza mmene analipirira mng'ono wake mpaka kumaliza koleji ya uphunzitsi ndi ndalama za tomato wa kudimba, ndi mmene mng'onoyo lero amamuchulira pamaso pa alendo kuti mkulu wanga wa kumudzi, ngati kuti akupepesa. Munthu ameneyu tinakhala naye zaka ziwiri, kudya m'mbale imodzi, ndipo takhala tikulankhulana pa foni kawirikawiri za mitengo ya feteleza ndi za mvula. Sananenepo zimenezi. Anazinena kwa kope, usiku, ali yekha, podziwa kuti amene adzawerenge ndi munthu amene wangomaliza kuyenda ndi Kamau yemweyo.

Apa ndi pamene pali yankho langa kwa ofunsa za foni. Gulu lathu la pa WhatsApp ndi lothandiza, ndipo sindingalisiye. Ng'ombe ikadwala, cithunzi cimodzi cimabweretsa malangizo dzuwa lisanalowe. Koma mau a pa foni amathamanga ngati madzi a mvula yoyamba pa nthaka youma. Ukalemba za mumtima, pasanapite mphindi zisanu wina waika cithunzi ca nkhumba zogulitsa, wina nthabwala, ndipo mau ako akwiririka. Kope limadikira. Amene walilandira amawerenga zonse zimene anzake analemba asanaikepo zake, ndipo sangayankhe mwaphuma cifukwa wolembayo ali kutali ndipo analemba mwezi watha. Wina anandiuza kuti tingojambula masamba onse ndi kuwatumiza pa foni kuti aliyense awerenge nthawi imodzi. Kucita tero ndi kuba nchito ya mlembi ndi ya osindikiza, ndipo ngakhale kukanakhala kololedwa, ndikudziwa cimene cikanacitika: aliyense akanalandira, palibe akanawerenga. Cinthu cimene cili nawe nthawi zonse umati ndidzaciona mawa. Buku limene mnzako wa ku Lundazi akulidikira umaliwerenga lero, ngakhale maso akulemera.

Ife alimi njira imeneyi timaidziwa kale. Ambiri tinaonapo mbuzi zopatsirana: banja lilandira mbuzi, zikaswa lipereka ana oyamba kwa banja lina, ndipo limenelo lidzaperekanso. Mbuzi yotere imasamalidwa kuposa yogula, cifukwa mwini wake amadziwa kuti mudzi ukuyang'ana ndipo wina akuwerenga miyezi. Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Buku la pa shelefu ya munthu mmodzi limadyedwa ndi ciswe cimodzimodzi, kusiyana kwake nkwakuti limadyedwa lisanawerengedwe.

Tsono za positi. Ndikuvomera kuti ndi yocedwa, kuti ambiri a ife tili kutali ndi positi ofesi, ndiponso kuti ocepa okha ali ndi bokosi lawolawo la makalata. Ife tinagwiritsa nchito mabokosi a mipingo ndi a masukulu a pulaimale a kufupi, titapempha kwa abusa ndi kwa aphunzitsi aakulu, ndipo palibe anakana. Kawiri phukusi linayenda pa basi, m'manja mwa kondakitala, cifukwa wotumizayo anaona kuti nkwapafupi. Linafika, koma ulendo wina linagona masiku anai m'kantini ya pa siteshoni popanda wodziwa mwini wake. Ndimakonda positi cifukwa umalandira risiti, phukusi limalembedwa dzina, ndipo limadikira mwini wake pamalo odziwika. Ndalama ya sitampa ilipo ndithu, ndipo kwa munthu amene akudikira malipiro a cimanga cake si yocepa. Koma aliyense amalipira kamodzi kokha, ulendo umodzi, ndipo tsiku lopita ku boma kukagula mbeu kapena mankhwala a ziweto ndi tsiku lomwelo lotumiza buku. Kucedwa kwenikweni sikunacokere ku positi. Kunacokera kwa mmodzi wa ife, amene analandira buku mu December, mvula itagwa, nalisunga mpaka March. Ndinakwiya naye, ndipo ndinamuimbira mau amene ndikanakonda kuwabweza. Pambuyo pake ndinaona kuti wolakwa ndinali ine. Ndani angawerenge nthano pamene udzu ukupikisana ndi cimanga ndipo thonje likufuna kupoperedwa? Buku la alimi liyenera kuyenda ndi nyengo ya alimi: licoke mu June, liyende m'miyezi ya cilimwe pamene nchito yaikulu ndi dimba ndi kukumba maenje a gamphani, ndipo lipume kumene lili kuyambira mvula yoyamba mpaka zokolola zitayamba kuuma.

Pali cotsutsa cina cimene cili ndi mphamvu kuposa zonsezi, ndipo sindingacithawe. Bukuli lili m'Cingerezi. Cingerezi cake ndi cosavuta, ca ziganizo zazifupi, koma ena a ife ngakhale cotero cimatipunthwitsa. Mlembi mwini wake anadzafika poona vuto limeneli, ndipo pambuyo pake anayamba kulemba nthano zake m'Cikikuyu kuti alimi a kwawo azimumva. Cimene cinacitika m'nyumba ya mnzathu wa ku Sinda ndi cimene cinandipatsa mtima. Iye amawerenga Cingerezi movutika, conco mwana wake wa giredi 9 ankawerenga mokweza madzulo ndi kumasulira m'Cinyanja, banja lonse litazungulira nyale ya sola. Anatenga masabata asanu m'malo mwa atatu, ndipo ndikanakonda onse akanacedwa motero. Mmenemo ndi mmene munacokera dzanja loonjezera lija. Amai a m'nyumbamo analemba m'Cinyanja, ndi zilembo zazikulu, kuti amuna onse amene analemba iwo asanalembe anaona Ngotho ndi Kamau okha, ndipo palibe anaona Nyokabi, amene anacenjeza mwamuna wake kuti akalowa m'sitalaka ana adzagona ndi njala, nakanidwa. Mwamuna wawo analemba pansi pake kuti Ngotho sakanacitira mwina, pakuti munthu sangakhale cete mpaka kale. Iwo anabwereranso nalemba mzere wina pansi pa mzere wa mwamunayo. Mkangano umenewo uli pa tsamba 17 la kope, ndipo ine ndili ku mbali ya amaiwo, ngakhale kuti ndimamumvetsa Ngotho. Ndinganenenso kuti mlembi mwiniyo anawapatsa mau ocepa akazi a m'buku lake, ndipo m'nyumba ya ku Sinda anamubwezera ngongoleyo.

Ulendo wotsatira tingatumize buku la m'cilankhulo cathu. Ndikuganiza za Nthondo, limene analemba Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma ku Malawi, ndipo linatuluka mu 1933. Limatsata moyo wa munthu kuyambira kubadwa kwake. Ngati wina ali nalo m'sutikesi ya agogo, atidziwitse.

Mkulu wina wa mpingo, amene ndimamulemekeza, anandifunsa ngati nkoyenera kuti sukulu ya mpingo izilimbikitsa buku lokhala ndi kuphana, kuzunza anthu m'ndende, ndi mnyamata wopemphera amene cikhulupiriro cake cigwedezeka. Zonsezo zilimo, ndipo makolo owerenga pamodzi ndi ana ang'ono adziwiretu kuti mbali yomaliza ndi yolemera. Koma acinyamata amene timawatumiza kumidzi ndi setifiketi ndi khasu adzakumana ndi caka cimene mvula idzadula mu January, ngongole ili pakhosi, atapemphera ndi kucita zonse monga anaphunzitsidwira. Cilala ca 2024 sicinasankhe minda ya osapemphera. Ndi bwino kuti mnyamata ayambe wakumana ndi mdima wotere m'buku, ali ndi kope lodzala mau a anzake pambali, kusiyana ndi kukumana nawo koyamba ali yekha pakati pa cimanga cofota.

Ndipo kwa amene akuti mlimi afunika mabuku a kasinthasintha wa mbeu ndi a matenda a nkhuku, osati nthano, ndikuti mabukuwo tili nawo, ndipo tiziwawerenga. Koma mwa anzanga amene anasiya ulimi ndi kupita kukagulitsa zovala za salaula ku Lusaka, sindidziwa ngakhale mmodzi amene anasiya cifukwa cosadziwa mpata wa pakati pa mizere. Anasiya cifukwa anadziona okha, ndipo anakhulupirira kuti moyo weniweni uli kwina, kwa anthu a mataye.

Pempho langa kwa oyang'anira sukulu ndi laling'ono. Ofesi isunge mndandanda wa ofuna kulowa, anthu osapitirira 6 pa buku limodzi, osakaniza akale ndi amene akumaliza caka cino, amuna ndi akazi, a maboma osiyana. Kope likadzala libwerere kuno, likhale m'laibulale kuti ophunzira atsopano aziwerenga, kupatula masamba amene wolemba wapempha kuti asaonetsedwe. Buku likatayika, latayika; tidzasonkha ndi kugula lina, ndipo wotayayo asacotsedwe pa mndandanda. Inu amene mukali pano mungayambe kulipatsirana m'zipinda zogona musanabalalike, kuti podzacoka mudziwe kale amene mudzamutumizire.

Buku langa lija ndalimata ngodya ndi tepi, ndagula kope latsopano, ndipo lidzanyamuka sabata yoyamba ya June kupita ku Nyimba. Pa mndandanda patsala malo awiri. Amene adzalilandire adzapeza kuti wina anadula mzere ndi pensulo pansi pa dzina la Kamau paliponse pamene lapezeka; si ine, ndipo ndapempha kuti asafufute.